Impso Imodzi ya Vilja

Ku Oulu dzuwa lalowa isanakwane fili koloko masana,
ine ndikadali m'chipinda chapansi pa chipatala
mopanda zenera, mopanda odwala,
muli makompyuta okha, akupuma mpweya wotentha.

Mayi ake a Vilja anafunsa Lolemba,
golovesi imodzi atavula, ina ataiwala kudzanja:
"Mwanayu mwamulowetsa m'makina ounikira aja kasanu ndi kanayi.
Cheza chimene chadutsa m'thupi mwake n'chochuluka bwanji?
Nanga chinatsakamira pati?"
Dokotala Karppinen anayang'ana pansi,
kenako anayang'ana ine.

Makina amalemba zimene anatulutsa,
salemba zimene chiwindi chinameza.
Ndipo palibe angang'ambe mwana
kuti aike choyezera pakati pa mapapo ndi mtima.

Choncho ndikuumba Vilja wina,
wa manambala, wopanda tsitsi, wopanda dzino logwedera lija,
thupi lonse timabokosi ngati njere za mchere:
aka fupa, aka mpweya, aka magazi.
Chifanizo chimene tili nacho n'cha mwana wa zaka khumi, impso ziwiri.
Vilja ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, impso imodzi;
inayo inapita ndi chotupa chaka chatha.
Ndatha ola lathunthu ndikuchepetsa nthiti,
ndikufufuta impso yakumanzere,
ndikukankhira matumbo pamalo pamene yasiya,
chala chikunjenjemera ngati wina amva kuwawa.

Tsopano mayere.
Ndikuponya kachidutswa kamodzi ka cheza,
kompyuta n'kuchita mayere pa phazi lililonse:
kapita patali bwanji, kagunda chiyani, kakhota kapena kafera pomwepo?
Koyamba kadutsa osapereka ndi moni womwe.
Kachiwiri kanjanja pa msana n'kukagona m'kapamba.
Kachitatu kasochera mpaka kukhosi, kuchithokomiro,
kumene sitinakatume n'komwe.
Kamodzi sikanena kanthu.
Chikwi ndi mphekesera chabe.
Koma ukaponya mamiliyoni mazana asanu
mwayi umatopa kunama,
ndipo chiwalo chilichonse chimaulula zimene chinalandira.

Ndikudikira.
Khofi wazizira kachitatu.
Otso, mlonda wa usiku, wasuzumira pakhomo:
"Odwala ako samwalira, eti?"
Ndaseka. Wapita ndi makiyi ake akulira.
Kunja, ndikudziwa, wina akupalasa njinga pa chipale chofewa,
nyali yofiira ikuphethira kumbuyo,
osadziwa kuti nayenso thambo likumulasa pang'onopang'ono,
monga limatilasira tonse chibadwire.

Folo koloko m'bandakucha, tebulo latuluka.
Impso yotsalayo: mamiligirei makumi asanu ndi limodzi.
Mafuta a m'mafupa: makumi awiri ndi anayi.
Chithokomiro: awiri, osakwana n'komwe.
Ndipo pambali pa nambala iliyonse pali kanambala kamanyazi
kovomereza kuti ndingaphonye mbali iyi kapena iyo.
Kameneko ndi kamene ndimakakhulupirira kwambiri.

Madzi akatayika saoleka.
Sindingaitane cheza chija kuti chibwerere m'makina,
ndipo popanda icho chotupa chija
chikanakula mumdima, chosafunsidwa ndi munthu.
Koma ulendo wachikhumi ukubwera mu Marichi.
Ndiye ndatsitsa mphamvu, ndafupikitsa malire,
ndayambira pansi pa mapapo, ndalekezera pamwamba pa chikhodzodzo,
ndamugoneka Vilja wa manambala kamakumi anayi
iye osadandaula, osapempha mayi ake,
mpaka gawo limodzi la magawo atatu lachoka
chithunzi chikuonekabe.

Lachinayi ndakwera masitepe, pepala lili m'manja.
Mayi aja awerenga ndi chala, mzere ndi mzere,
aima pa kanambala kamanyazi kaja.
"Ndiye simukudziwa bwinobwino."
Ayi, ndayankha. Ndikudziwa mpaka apa.
Apinda pepalalo kanayi, alilowetsa mu golovesi.

Vilja weniweni ali pabenchi, miyendo ikulendewera,
nsapato zikudontha madzi pansi.
Sanandionepo, sadziwa kuti ndikudziwa
kupindika kwa nthiti yake yachisanu ndi chiwiri.
Watsegula kukamwa kundionetsa mpata:
dzino lija lagwa dzulo.